Makalata a Omvera: Chibaba Chikafika, Dzanja Lisathamange

Moni omvera athu kulikonse kumene mukutimvera. Makalata a lero akukhudza chizolowezi chokhala tcheru ndi zimene zikuchitika m'thupi ndi m'maganizo pa mphindi imene munthu alimo, chimene m'Chingerezi amachitcha mindfulness, ndipo ndasankhapo atatu.

Yoyamba yachokera kwa bambo ena amene apempha kuti dzina lawo lisatchulidwe. Iwo alemba kuti: "Ndasuta fodya kwa zaka 14 ndipo ndayesapo kusiya kanayi. Masiku awiri oyamba ndimalimba mtima, koma chibaba chikandigwira tsiku lachitatu, ndimangozindikira ndudu ili kale pakamwa. Kodi kukhala phee n'kumamvetsera kupuma kwanga kungathe chinthu chimene chaswa malumbiro anga onse?"

Abambo, mawu amene ndawagwira m'kalata yanu ndi akuti "ndimangozindikira", chifukwa vuto lonse lagona pamenepo. Munthu akakoka utsi, nikotini amafika ku ubongo pasanathe masekondi 20, ndipo zimenezi zikachitika kambirimbiri kwa zaka 14, dzanja limazolowera kupita m'thumba lisanafunse mwini wake. Malumbiro amapangidwa m'mawa mutu uli bwino, pomwe chibaba chimabwera madzulo munthu atatopa, choncho awiriwa sakumana n'komwe.

Malemu Alan Marlatt, katswiri wa za maganizo wa ku University of Washington, ankaphunzitsa anthu ofuna kusiya mowa ndi fodya kuti aziona chibaba ngati funde la pamadzi, limene limakwera, kufika pachimake, kenako n'kutsika lokha pakapita mphindi zingapo. Chikakugwirani, musalimbane nacho ndiponso musachithawe. Khalani pansi, ndipo dzifunseni kuti chili pati: kodi ndi kuuma kwa pakhosi, kuthina kwa pachifuwa, kapena kunyerenyetsa kwa zala? Chiyang'aneni uku mukupuma pang'onopang'ono, ndipo mudzaona kuti sichikhala chimodzimodzi kwa nthawi yaitali. Mukapirira ulendo umodzi mpaka funde litatsika, thupi limaphunzira kuti ndudu si njira yokhayo yothetsera kusautsako.

Mukagwanso, pakuti ambiri amagwa asanasiyiretu, isuteni ndudu imeneyo muli maso, mukumva fungo lake, kuwawa kwake pa lilime ndi kutentha kwake pakhosi. Dokotala Judson Brewer ankauza osuta kuchita zomwezi, ndipo kafukufuku amene iye ndi anzake anachita ku yunivesite ya Yale ku America, wofalitsidwa mu 2011, anasonyeza kuti amene anaphunzira njirayi anasiya fodya mochuluka kuposa amene analandira uphungu wa masiku onse. Komabe kaonaneni ndi achipatala, chifukwa pali mankhwala ochepetsa chibaba amene angayendere limodzi ndi zimene ndanenazi.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi ena amene akuti: "Ndikaweruka kuntchito mtima uli m'malere, ndimadya maso ali pa foni, ndipo ndimadabwa kuona mbale yatha, ine osamva kukoma kapena kukhuta. Pakapita kanthawi ndimafunanso zotsekemera."

Amayi, pamatenga mphindi pafupifupi 20 kuti uthenga wa kukhuta uchoke m'mimba n'kumveka bwino ku ubongo, ndiye munthu amene wamaliza mbale m'mphindi zisanu amawonjezera chakudya uthengawo uli panjira. Kuonjezera apo, nkhawa ikakhalitsa thupi limatulutsa wambiri mchere wa m'thupi (homoni) wotchedwa cortisol, ndipo ameneyu amakulitsa chilakolako cha zashuga ndi zamafuta. Yambani ndi chakudya chimodzi patsiku: foni ikhale m'chipinda china, tafunani mpaka mumve kukoma, ndipo mukafika pakati imani pang'ono mudzifunse ngati njala idakalipo. Funso lomweli mudzifunse musanatsegule kabati usiku, chifukwa kutopa, kukwiya ndi kusungulumwa zimadziwa kuvala nkhope ya njala. Ndiulule kuti ineyo kusiya foni pakudya kunandivuta kwambiri sabata yoyamba, moti chete wa patebulo ankandisowetsa mtendere.

Yomaliza ndi ya agogo ena, ndipo ili ndi mafunso awiri: "Kodi zimenezi si chipembedzo chachilendo? Nanga popeza akuti zimakhazika mtima pansi, ndingasiye mapiritsi anga a kuthamanga kwa magazi?"

Agogo, mizu yake ilidi m'chipembedzo cha Chibuda, m'mene muli mawu a chinenero cha Pali akuti sati, otanthauza kukhala tcheru. Koma zimene zipatala zimaphunzitsa lero zinayambidwa ndi Jon Kabat-Zinn mu 1979 pa sukulu ya zachipatala ya University of Massachusetts, monga maphunziro a masabata 8 othandiza odwala amene ankavutika ndi ululu wosatha komanso nkhawa, ndipo mulibe pemphero kapena kupembedza kulikonse. Ngati chikumbumtima chanu sichikulolabe, umenewo ndi ufulu wanu.

Funso lachiwiri ndilo ndikuliyankha mosapita m'mbali: mapiritsi musasiye. Kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikupweteka, choncho munthu atha kumva mtima uli m'malo pomwe mitsempha, impso ndi ubongo zikuwonongeka mwakachetechete. Kukhala tcheru kukuthandizeni pa zina: kuona dzanja likamapita ku mchere musanalawe n'komwe chakudya, pakuti bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, ndiponso kuzindikira kuti mwakhala pampando tsiku lonse, pomwe bungwe lomweli limalimbikitsa mphindi zosachepera 150 pa sabata za kuyenda ndawala kapena ntchito ina yolimbitsa thupi. Ngati manambala a pa makina oyezera atsika kwa miyezi ingapo, adokotala anu ndiwo angaone zochepetsa mlingo wa mankhwalawo, ndipo mukabwerako kumeneko mutilemberenso kuti timve zimene akuuzani.