Munda wa sukulu: amaupalira ndani ana akatsekera?

(Kamera ikuonetsa chimanga kuseri kwa makalasi, m'mawa mame asanaume.)

Muli bwanji anthu akwathu a ku Angónia, ku Tsangano, ku Macanga, ndi inu nonse amene mukuonera muli kutali? Lero ndaima m'munda, machamba monga timanenera kuno, koma mundawu si wa banja. Ndi wa sukulu.

Ambiri a ife tikamva za khasu la kusukulu timakumbukira chibalo. Wachedwa, tenga khasu. Walongolola m'kalasi, tenga khasu. Ine khasu la kwathu ndinkaligwira mosangalala, koma la kusukulu ndinkadana nalo. Mawu akuti chibalo ndi olemera kuno ku Mozambique, chifukwa ndi dzina la ntchito yokakamiza imene agogo athu ankagwira nthawi ya Apwitikizi. Mwana wopatsidwa khasu ngati chilango amakula akuganiza kuti kulima ndi kwa anthu olakwa, pamene kuno kumapiri chimanga, nyemba, soya ndi mbatatesi ndizo zimalipira yunifolomu yake yomweyo.

Munda umene ndikunena ine ndi kalasi yopanda denga.

(Ana awiri akukoka chingwe, wina akulemba m'kope.)

Taonani apa. Mzere ndi mzere atalikitsa masentimita 75, phando ndi phando masentimita 25, njere imodzi paphando. Aphunzitsi afunsa kuti: pamalo a mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi palowa mapesi angati? Mizere 13, uliwonse mapando 40, mapesi 520. Samu imeneyi mwana saiiwala, chifukwa waiyenda ndi mapazi ake. Phunziro la ulimi ndi ziweto, la Agro-Pecuária, limene ena amangolikopera pabolodi, apa limanunkha dothi.

Mundawu augawa zigawo. China athira feteleza, china manyowa a m'khola, china sanathire kanthu, ndipo china chaka chatha munali soya. Palibe amene akuuzidwa kuti akhulupirire aphunzitsi. Chimanga chidzayankha chokha.

Tsopano mvetserani, chifukwa apa ndi pamene minda yambiri ya sukulu imafera. Mvula yobzalira imagwa mu Novembala kapena Disembala, nthawi yomwe ana ali pa mayeso, akukonzeka kutsekera. Sukulu imadzatsegulidwa cha kumayambiriro kwa Febuluwale. Nanga pakati apa? Kupalira, kuthira feteleza wobereketsa, kubandira, zonsezi zimagwa ana ali kwawo ndipo aphunzitsi ambiri apita kumidzi kwawo. Chimanga chikalimbana ndi udzu masabata oyambirira aja, chalowa pansi basi. Ana akabwera amapeza tchire, anthu n'kumati munda wa sukulu ndi kutaya mbewu.

N'chifukwa chake munda wotere sungakhale wa aphunzitsi okha. Mutu umodzi susenza denga. Isanatseke sukulu, komiti ya makolo ndi aphunzitsi, imene pa Chipwitikizi timati conselho de escola, ikhale pansi ndi amfumu ndi alangizi a zaulimi. Agawane mizere: ana a mudzi wakuti pamodzi ndi kholo limodzi kapena awiri abwera tsiku lakuti. Ndikudziwa, amayi ndi abambo, kuti Januwale ndi mwezi woti aliyense ali pakalikiliki m'munda mwake, ndipo nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka. Ndiye mundawo ukhale waung'ono, woti anthu khumi aumalize dzuwa lisanafike pamutu. Sukulu yolima hekitala yonse pofuna kutchuka ikungodzitchera msampha.

Kholo lobwerako silibwerera chimanjamanja. Chiyambire 2017 pamene mbozi zachilendo zija zinalowa m'dziko muno, tonse tikulira nazo. Ana akaphunzira kusuzumira mumtima mwa chimanga, kuona masamba obooka ndi zitosi zonga utuchi, kuzindikira mbozi ya timadontho tinayi takuda kumchira, amakachita zomwezo m'munda wa kwawo mbozi zikadali zazing'ono. Nawonso agogo ali ndi zawo zimene sizili m'buku: kusankha chisononkho cha mbewu, kufutsa nkhwani, kudziwa kuti pamene pamera kaufiti nthaka yatopa. Agogo oterewa aitanidwe adzaphunzitse, ndipo apatsidwe mpando.

Chilimwe ntchito ndi yopepuka. Ngati pali mtsinje kapena chitsime pafupi, dimba la kabichi, anyezi ndi mpiru limayenda bwino chifukwa ana alipo tsiku ndi tsiku.

Koma za zokolola ndinene mosabisa. Ndinaonapo sukulu ina kumene ana analima, makolo anathandiza, matumba n'kuzimiririka osadziwika kolowera. Chaka chotsatira palibe kholo linabweranso, ndipo sindiwadzudzula. Matumba awerengedwe pamaso pa onse. Alembe pabolodi: takolola angati, ana adya angati, tagulitsa angati, meticais angati alowa, agula chiyani. Olemba akhale ana omwewo, chifukwa mlimi wosadziwa kuwerengera ndiye amaberedwa pa sikelo.

Pa Ulónguè pomwepa pali sukulu ya ukachenjede ya zaulimi ya UniZambeze. Ndimafuna mtsikana wa ku Domwe amene lero akukoka chingwe m'munda uno adzakalowe kumeneko, akudziwa kale chimene akukafunsa.

(Wolankhula agwada, azula tsinde la soya, agwedeza dothi.)

Bwerani pafupi ndi kamera. Mwationa timibulu iti pamizu? M'menemu mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timatenga nayitirojeni mumpweya n'kupatsa mbewu ngati chakudya chake. Tiyeni tikang'ambe kamodzi ndi chikhadabo. Kakakhala kofiirira m'kati, ndiye kuti tikugwira ntchito.

Iwe mwanawe, tabwera uone wekha, uwauze anthu mtundu umene waona.