Unali Kuti Pamene Timu Inkaluza?

Moni abale anga nonse kulikonse kumene mukumvera, a ku Ndirande, a ku Area 25, a ku Joni, ndi inu anzanga amene tikuzizidwa limodzi kuno ku Canada. Ndi mchemwali wanu uja wa ku Toronto. Lero za mapepala a boma ndi za lendi tiziike kaye pambali. Tikambe za masewera, makamaka za funso limodzi limene anthu a mumzinda uno amakonda kubayana nalo: kodi iwe unali kuti pamene timu inkaluza?

Ndiyambe ndi masewerawo, poti kwathu sitiwaona. Hockey amasewera pa madzi oundana atavala nsapato zokhala ndi chitsulo chakuthwa kunsi. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 6 m'bwalo, goloboyi ali momwemo, ndipo amalimbirana kanthu kakuda ka labala kotchedwa puck, kamene amakamenya ndi ndodo zokhota kumapeto. Kamathamanga moti mlendo amangomva anthu akukuwa osaona kuti kalowa liti. Amenewo ndi masewera a nyengo yozizira. Kukafunda kumabwera baseball: wina aponya mpira, wina aumenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira bwalo. Ameneyu ndi wa anthu odekha. Timu imodzi imasewera magemu 162 pa chaka, pafupifupi tsiku ndi tsiku, pamene a hockey amasewera opitirira pang'ono 80. Timu ya hockey ya mzinda uno ndi Maple Leafs, ya baseball ndi Blue Jays.

Maple Leafs inatenga chikho cha Stanley Cup komaliza m'chaka cha 1967. Mwamva bwino. Dziko lathu linali litatsala pang'ono kukwanitsa zaka zitatu lili pa ufulu wodzilamulira. Nthawi imeneyo mu ligi munali matimu 6 okha, lero alimo 32. Munthu wobadwa chaka chotsatira pano ali ndi zidzukulu, koma sanaonepo timu yake ngakhale itangofika mu fainolo. Komabe bwalo lawo la Scotiabank Arena limadzaza, matikiti ake ndi ena mwa odula kwambiri mu ligi yonse, ndipo ana akhanda amavekedwa tsamba labuluu lija asanayambe n'kukwawa komwe.

Ine ndimagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba, ndipo za Leafs ndinaziphunzira kumeneko, pa shifiti ya Loweruka usiku. Kuli agogo ena aamuna amene masiku ena dzina langa amaliiwala, chimene adya masana amachiiwala, koma mukangotchula 1967 amakuwerengerani timu yonse: George Armstrong kaputeni, Johnny Bower ndi Terry Sawchuk pagolo, Dave Keon, Tim Horton. Eya, Tim Horton yemweyu amene dzina lake lili pa makapu a khofi amene tonsefe timagula m'mawa. Ambiri obwera sitidziwa kuti anali wosewera wotchinga kumbuyo mu timu imene ija, ndipo anatsegula sitolo yoyamba ku Hamilton mu 1964 akadasewerabe. Agogowa anandiuza zimenezi monyadira ngati akunena za m'bale wawo.

Tsono anthu amenewa kuluza kwawo amakusunga ngati chuma, ndipo amakufotokoza mwandondomeko. Mu 2013 ankatsogola zigoli 4 kwa 1 ku Boston, pa gemu yachisanu ndi chiwiri imene inali yoti wopambana apitirire, nthawi itatsala pang'ono, koma anagonja 5 kwa 4. Mu 2021 ankatsogola magemu atatu kwa imodzi polimbana ndi Montreal, adani awo akalekale, n'kuluza atatu otsatizana. Imene imandiseketsa ine ndi ya February 2020. Magoloboyi onse awiri a Carolina anavulala, ndiye malinga ndi malamulo a ligi analowetsa munthu wongodikirira pangozi, David Ayres, bambo wa zaka 42 amene ankadziwika ndi ntchito yoyendetsa galimoto yosalaza madzi oundana aja. Leafs inagonja kwa bambo ameneyo, pabwalo lawo lomwe. Sapota wa Leafs akamakuuza nkhani imeneyi amaseka, koma yesa kuseka iweyo mlendo uone mmene nkhope isinthire. Kwa eni kulibe mkuwe.

Blue Jays ndi nkhani ina. Iwowa anatenga World Series, chikho chachikulu cha baseball, kawiri motsatizana, 1992 ndi 1993, ndipo ya 1993 inatha ndi Joe Carter akumenya mpira kunja kwa bwalo n'kumalumpha ngati mwana. Zaka zimenezo anthu opitirira 4 miliyoni ankalowa m'bwalo la SkyDome pa chaka, limene pano likutchedwa Rogers Centre. Kenako kunabwera chilala. Kuchokera 1993 mpaka 2015 timuyi sinalowenso mu ndime ya chipulula, ndipo mipando inayamba kuoneka. Mu 2015 José Bautista atamenya mpira kunja kwa bwalo polimbana ndi Texas n'kuponya chibonga m'mwamba, mzinda wonse unakumbukira kuti uli ndi timu ya baseball. Patapita zaka zochepa timu inafooka, anthu anabwereranso kwawo. Mu 2024 inathera pansi penipeni m'gulu lake.

Ndiye kunabwera October wa 2025. Abale, zimene ndinaona sindidzaiwala. M'sitima yapansi, m'basi za ku Scarborough, kutchalitchi, aliyense chipewa chabuluu cha Blue Jays. Mayi wina wa ku Philippines amene timagwira naye ntchito, woti miyezi iwiri m'mbuyomo sankadziwa kuti gemu imakhala ndi zigawo 9, ankatilongosolera chifukwa chake mphunzitsi walakwitsa posintha woponya mpira. George Springer atamenya mpira umene unagwetsa Seattle n'kutilowetsa mu World Series, m'chipinda chathu chopumulira munamveka chinthungululu, ndipo musandifunse kuti anayambitsa ndani. Inenso chipewa ndinagula. Gemu yachitatu, yolimbana ndi Dodgers kwawo ku Los Angeles, inafika zigawo 18, inatha cha m'ma 3 koloko m'bandakucha nthawi ya kuno, inu kwathu mutayamba kale ntchito za tsikulo. M'mawa mwake mzinda wonse unali maso psuu.

Pa 1 November, gemu yachisanu ndi chiwiri, pabwalo lathu. Bo Bichette wa timu yathu anamenya mpira woponyedwa ndi Shohei Ohtani n'kutibweretsera mapointi atatu, anthu n'kuyamba kuwerengera chikho. Tinalowa chigawo chomaliza tikutsogola 4 kwa 3, kutangotsala kutulutsa omenya awiri kuti gemu ithe. Miguel Rojas wa Dodgers, munthu amene palibe ankamuopa, anafananitsa. M'chigawo cha 11 Will Smith anamaliza nkhani. Dodgers 5, Blue Jays 4. Ine ndinalira, ndikunena poyera.

Lolemba lake mnzathu wina wa kukhitchini, wobadwira konkuno, amene bambo ake anamutengera ku SkyDome ali mwana, anandiyang'ana chipewa chija nati, "Iwe ukulira chiyani? Chaka chatha tili pansi unali kuti?" Sanalankhule mwachipongwe, timagwirizana. Koma ankatanthauza zimene ananena. Kwa iye ife tinali aja osaoneka polima ndi popalira, ongotulukira ndi dengu tsiku lokolola.

Ndipo ndimamumvetsa, chifukwa kwathu ndinakulira m'nyumba ya Manoma. Bambo anga analibe nawo mawu abwino anthu amene ankavala zofiira chaka chimene Maule atenga ligi, n'kusowa chaka chotsatira. Mukudziwanso inu nomwe mmene masapota a Chelsea anachulukira mwadzidzidzi m'mabala athu cha m'ma 2005, kenako a Manchester City. Amene anapirira ndi Arsenal zaka zonse zija amawayang'ana ndi diso lotani? Munthu amene wavutika ndi timu yake amamva ngati chisangalalo chikadzabwera chikhale chake choyamba. Pamenepo palibe chachilendo.

Koma tiyeni tione funso lija likafika kwa ife obwera. Ndinali kuti mu 1993? Ndinali kwathu, baseball sindinkaidziwa n'komwe. Ndinali kuti mu 2024? Ndinali konkuno, ndikugwira mashifiti awiri kuti lendi ikwane ndi kuti kumudzi alandire kangachepe. Pafupifupi theka la anthu a mu Toronto anabadwira kunja kwa Canada. Ambiri mwa iwo alibe agogo amene anaona 1967. Ngati khomo lolowera ndi lakuti uyambe wavutika zaka makumi atatu, ndiye kuti theka la mzinda lidzafa lili panja. Nanga munthu amayamba bwanji kukonda timu? Mnzanga wa kukhitchini uja bambo ake anamutengera kubwalo zaka zimene Jays inkawina, bwalo lili lodzaza. Nayenso anayamba nthawi ya zokoma. Kusiyana kwake n'kwakuti iye anali ndi zaka zochepa ndipo palibe anamufunsa mafunso.

Kwa ine masabata amene aja anachita chinthu chimene zaka za moni wa pakhomo sizinachite. Aneba anga a m'chipinda choyang'anana nane, oti tinkangogwedezerana mutu mu elevator, anagogoda n'kundiitana kuti tikaonere limodzi. Dalaivala wa basi anandifunsa maganizo anga pa woponya mpira wa usiku umenewo. Kunja kuno, kumene munthu ungathe chaka osadziwa dzina la woyandikana naye, zimenezo si zazing'ono.

Palinso mbali ina imene masapota okhulupirikawo sakonda kuimva. Pitani pa gemu ya Leafs, kapena ingoonerani pa TV, muyang'ane mipando yapafupi ndi bwalo chigawo chachiwiri chikamayamba. Yambiri imakhala yopanda anthu. Eni ake ndi a masuti, matikiti anawagulira ndi makampani, akadali mkati kudya ndi kukambirana za bizinesi. Anthu a kuno amadandaula okha kuti bwalo lawo ndi lozizira ngati maliro. Amene amaikonda timu ndi mtima wonse ali panja pa Maple Leaf Square, ataimirira pamphepo kuonera pa chinsalu chachikulu, kapena ali kunyumba ngati agogo anga aja. Ndiye wokhulupirika ndi uti, amene ali mkati kapena amene ali panja? Ndipo ena amanena, ine ndikuona kuti ali ndi mfundo, kuti timu imene bwalo lake limadzaza kaya iwine kaya iluze, eni ake tulo amagona bwino. Sapota wa Jays amene amasiya kubwera timu ikafooka amakhala akulankhula m'chilankhulo chimene eni ndalama amachimva msanga.

Kukhulupirikako nakonso kuli ndi malire ake. Mu May 2025 Leafs itagonja 6 kwa 1 kwa Florida pa gemu yachisanu ndi chiwiri, pakhomo pawo, masapota anaikuwiza timu yawo ndipo ena anavula majezi n'kuwaponya m'bwalo. Mlandu waukulu unagwera wosewera wawo Mitch Marner, mwana wa m'dera lomweli, amene anakula akuchemerera Leafs. Chilimwe chomwecho anapita ku Vegas. Mbali inayi, Vladimir Guerrero Jr. wa Blue Jays, amene anabadwira ku Montreal bambo ake akusewera mu timu ya baseball ya Expos, anasaina kukhala ku Toronto zaka 14 pa ndalama zokwana madola 500 miliyoni, anthu n'kumamutamanda kuti ndi wokhulupirika. Pa ndalama imeneyo, abale, nanenso ndingakhulupirike. Ndipo a ku Montreal angakuuzeni zambiri: timu yawo ya Expos inasamutsidwira ku Washington itatha nyengo ya 2004. Amene anaikonda mpaka tsiku lomaliza palibe anawafunsa.

Chimodzi chimene sindinachigwirebe mutu ndi ichi. Palibe timu ya ku Canada imene yatenga Stanley Cup chichokereni 1993, pamene Montreal inatenga. Edmonton Oilers itafika mu fainolo mu 2024 ndi 2025, n'kugonja kwa Florida maulendo onse awiri, ine ndinkayesa kuti dziko lonse likhala pambuyo pawo. Ambiri anaterodi. Koma ndinakumana ndi ena, makamaka ochokera ku Calgary, amene ananena poyera kuti bola chikho chikhale ku America kusiyana n'kuti chipite ku Edmonton. Ndinadabwa, kenako ndinakumbukira bambo anga Maule akamasewera ndi timu yakunja. Ankakhala chete pafupi ndi wailesi, ndipo sindikuganiza kuti ankawapempherera.

Mnzanga wa kukhitchini uja tinagwirizana chinthu chimodzi. Iye akuti chipewa changa adzachivomereza akadzandiona pa gemu ya pakati pa sabata mu April, kunja kukuzizirabe, timu yobwera ili yosatchuka, mipando yapamwamba ili mbee. Ndamuuza kuti ndidzapita, bola andigulire khofi ndipo asatope ndi mafunso anga, chifukwa malamulo ena a masewera amenewa akundizunguzabe mutu. Za Leafs ndamuuza kuti andipatse nthawi. Walira mvula walira matope, ndipo matope a timu imene ija ndawaona pa nkhope za agogo Loweruka lililonse.

Sabata yamawa tikamba za nsapato ndi majekete a nyengo yozizira, poti ena mwa inu mukubwera mu January ndipo ndamva zimene mwalongedza m'masutikesi. Tsalani bwino, abale anga.