Kachingwe ka pamutu kaja sikayeza nzeru

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse. Inu akumbuyoko senderani kuno kumthunzi, dzuwa lakula.

Chatisonkhanitsa mukuchidziwa. Sabata yatha kunafika munthu ndi laputopu ndi kachingwe kovala pamphumi, ati akuyeza ubongo. Mnyamata wathu mmodzi, mwa awa onyamula anthu pa njinga ku Kapata, anauzidwa kuti ubongo wake wafooka. Anagulitsa chimanga kuti alipire zimene munthuyo ankati kuphunzitsa ubongo. Anafika kwa ife kukiliniki maso ali gwa, masiku atatu osagona, manja akunjenjemera. Tinamupima, tinamupeza ali bwinobwino. Ankadwala mantha basi. Ndiye ndinene poyamba pomwe: kachingwe ka pamutu sikayeza nzeru za munthu. Musalipire.

Ubongo umagwiradi ntchito ndi timagetsi tating'onoting'ono. Dokotala wa ku Germany, Hans Berger, ndiye anayamba kutijambula pa munthu mu 1924, ndipo makinawo timawatcha EEG. Amamata timawaya pamutu, pa kompyuta n'kumatuluka mizere yokwera ndi kutsika. Mukatsinzina muli phee, mizereyo imagunda pafupifupi ka 10 pa sekondi, imene amaitcha alpha. Mukaphenya, imachepa. Pa matenda a khunyu makinawa amathandiza zedi. Koma ali ngati munthu woima kunja kwa David Kaunda Stadium: chigoli chikalowa amamva phokoso, koma zimene akunong'onezana awiri mkatimo sangazimve. Ngakhale kuphethira chabe kapena kukukuta mano kumasokoneza mizereyo. Makina ena, a MRI, ndi chimaginito chachikulu, munthu amagona mkati mwake. Ofufuza amaona nawo mbali ya ubongo kumene magazi achuluka munthu akamaganiza, ndipo magaziwo amachedwa masekondi angapo. Chimenecho sichilowa m'chikwama.

Munthu wa laputopu uja ankafunsa kuti, kodi maganizo anu amathawathawa? Aliyense ankati inde. Nanga wa ndani sathawa? Mu 1948, Norman Mackworth ku Britain anakhazika anthu abwinobwino kuti azipenyetsetsa muvi wa wotchi ukadumpha. Patangotha theka la ola anayamba kuphonya. Mu 2010 ofufuza a ku Harvard anapeza kuti pafupifupi theka la nthawi, 47 pa 100, maganizo a munthu amakhala kwina. Amayi inu, muli kupalira koma mtima uli pa fizi ya mwana, amenewo si matenda. Komanso tisanamizane. Ena a inu foni mumagona nayo pachifuwa mpaka tambala woyamba, m'mawa n'kumati mutu sukugwira. Mwana wanga yemwe ndinachita kumulanda foni nthawi ya mayeso a Giredi 12, analira, koma tulo anagona. Musalipire munthu kuti akuuzeni zimene mphasa yanu ikudziwa kale.

(Gogo wina aimika dzanja: "Adokotala, ndiye zophunzitsa ubongozo ndi bodza lokhalokha?")

Zikomo agogo, mwafunsa bwino, khalani pansi ndikuyankheni. Si bodza lonse ayi. Chinthuchi chilipo, amachitcha neurofeedback. Makina amaonetsa munthu mmene ubongo wake ukuchitira nthawi yomweyo, iye n'kumayesa kusintha, monga mmene mumaonera pagalasi pomanga duku. Anayamba kuyesa m'ma 1960 ku America, Joe Kamiya pa anthu, Barry Sterman pa amphaka. Mu 2015 ofufuza a pa yunivesite ya Princeton anagoneka anthu athanzi mu MRI, n'kumawaonetsa chithunzi cha nkhope chosakanizidwa ndi chithunzi cha malo. Ankawauza kuti apenyetsetse chimodzi. Maganizo akangoyamba kuthawa, makina ankazimiriritsa chithunzi chofunikacho, munthu n'kudzidzimuka kubwerera. Amene anaphunzitsidwa motero anachitako bwino pambuyo pake kuposa anzawo amene ankaonetsedwa zochokera mu ubongo wa munthu wina. Ine zimenezi zimandisangalatsa, agogo, ndi nzeru yokongola. Koma anthuwo anali ochepa, ndipo chimene chinayesedwa ndi ntchito ya zithunziyo, osati kuyendetsa basi mpaka ku Lusaka kapena kukhoza masamu. Ndiye pali ichi: pa kafukufuku wambiri wa EEG, ofufuza akapatsa gulu lina makina onamizira, gulu limenelonso limati tathandizidwa, nthawi zambiri mofanana ndi la makina enieni. Kukhala pansi mwakachetechete, wina akukusamalira, iwe ukukhulupirira, kumeneko kokha kumapepuza munthu. Akatswiri okhaokha akadatsutsana. Ndiye wa laputopu pamsika wadziwira kuti? Kachingwe kake sikayeza nzeru, agogo. Musalipire.

Ndaona ena ayamba kuyasamula, mwaona, theka la ola lakwana. Ndithamange. Gonani maola 7 kapena 8. Foni ikhale kutali pogona ndi powerenga. Ntchito yofuna maso, pumulaniko pakapita theka la ola, imirirani, imwani madzi. Oyendetsa galimoto ndi njinga, tulo tikabwera imani, musalimbane nato. Kachasu achepe. Ana asapite kusukulu ndi njala.

Koma izi musazengereze nazo: munthu akagwa n'kumaphupha, mkono kapena mwendo ukafa mwadzidzidzi, kamwa likapindika, mawu akamakanika, mutu ukamapweteka osaleka, kapena akamaiwala ndi njira ya kwawo yomwe, bwerani naye msanga. Tikaona kuti n'zazikulu timalemba kalata ya ku Chipata Central Hospital. Munthu wa laputopu uja akabweranso, a mfumu adziwitsidwe tsiku lomwelo. Amene munayezedwa kale ndipo mtima sukukhazikika, tsalani, ndikhala pabenchi apo mpaka nonse ndikuoneni.