Makalata a Omvera: Tsiku Lozungulizidwa pa Kalendala

Moni omvera nonse kulikonse kumene mwatchera wailesi yanu, ndipo takulandirani ku pulogalamu ya makalata anu. Sabata ino thumba lathu ladzaza kuposa masiku onse, ndipo makalata ambiri akukamba za ndalama zimene sizikufika kumapeto kwa mwezi komanso za zaka zopumira pantchito zimene zikunka zikukwezedwa m'mayiko ambiri. Ndikupepeseretu, chifukwa pali kalata imodzi imene ndaiwerenga katatu usiku wathawu, ndipo idya gawo lalikulu la nthawi yathu.

Yachokera kwa bambo wa zaka 59 amene apempha kuti ndisawatchule dzina. Alemba motere:

"Ndagwira ntchito yonyamula ndi kusanja katundu m'nyumba yosungiramo katundu kwa zaka 33. Kuyambira tsiku limene ndinalembedwa ntchito ndinkadziwa kuti ndidzapuma ndikadzakwanitsa zaka 60, ndipo tsikulo ndinali nditalizunguliza kale ndi cholembera pa kakalendala kamene ndimasunga m'chikwama. Chaka chatha ndinatenga ngongole ziwiri, imodzi yolipirira mwana wathu wamkazi ku koleji, ina yomalizira denga la nyumba, podalira kuti ndidzabweza ndi ndalama za penshoni. Tsopano kuntchito kukumveka kuti zaka zopumira zakwezedwa ndipo tigwirabe zaka zina. Mawondo anga atha. Usiku ndimadikira kuti mayi agone, kenako ndimadzuka kukawathowa ndi nsalu yoviika m'madzi otentha, kuti iwo asaone. Mayiwo amalemba m'kope ndalama iliyonse imene tagwiritsa ntchito, koma za ngongole yachiwiriyo sakudziwa. Kodi ndapalamula chiyani kuti anditalikitsire ulendo nditafika kale pakhomo?"

Bambo, simunapalamule chilichonse, ndipo ndikufuna mumve zimenezi poyamba tisanalowe m'zina. Munthu amene wanyamula katundu kwa zaka 33 akamanena kuti watopa akunena zoona, ndipo kutopa kumeneko sikochititsa manyazi.

Chimene chakugwerani chagweranso anthu ambirimbiri padziko lapansi, ndipo chiyambi chake ndi chimodzi. M'mayiko ambiri, penshoni ya boma imene okalamba akulandira mwezi uno imachokera ku ndalama zimene ogwira ntchito adulidwa pamalipiro awo mwezi womwewuno. Dongosolo limeneli limayenda bwino pamene osonkha ali ambiri ndipo olandira ali ochepa. Ku America, mu 1960, pa munthu mmodzi wolandira panali osonkha pafupifupi 5, koma lero sakwana 3. Anthu akubereka ana ochepa, komanso akukhala ndi moyo wautali: cha m'ma 1950 mwana wobadwa padziko lapansi ankayembekezeka kukhala zaka pafupifupi 46, pamene lero ndi zaka pafupifupi 73. Boma likaona thumba likupepuka limakhala ndi njira zitatu, kukweza zimene ogwira ntchito amasonkha, kuchepetsa zimene okalamba amalandira, kapena kukankhira kutsogolo tsiku loyamba kulandira, ndipo maboma ambiri asankha yachitatuyi. N'chifukwa chake dziko la Germany linagwirizana mu 2007 kuti lifike pa zaka 67, dziko la China linayamba mu Januwale 2025 kukweza zaka za abambo kuchoka pa 60 kupita pa 63, ndipo nyumba ya malamulo ya ku Denmark inavomereza mu 2025 kuti pofika 2040 anthu azidzapuma ali ndi zaka 70. Ku France, pamene boma la Emmanuel Macron linakhazikitsa lamulo lochoka pa 62 kupita pa 64 mu 2023, anthu anadzaza misewu kwa miyezi ingapo, ndipo pakati pawo panali ogwira ntchito yotola zinyalala ku Paris, anthu a misana ndi mawondo ngati anu, amene ananyanyala mpaka zinyalala zinaunjikana m'misewu.

Apa ndinene maganizo anga. Owerengetsa zinthuzi amatenga moyo wa anthu onse n'kuuphatikiza kuti apeze chiwerengero chimodzi, koma thupi la munthu silikalamba motsatira chiwerengero chimenecho. Ine ntchito yanga ndi yokhala pampando ndi kulankhula, ndipo zaka zitatu zowonjezera sizingandithyole msana. Kwa munthu amene anayamba kunyamula zolemera ali ndi zaka 26, zaka zitatu zomwezo zikhoza kukhala zimene zimamusiya wosatha kukwera masitepe. Chondipweteka kwambiri n'chakuti anthu a ntchito zolemera ndi malipiro ochepa ndi amenenso kawirikawiri amafa msanga, choncho amasonkha zaka zambiri n'kudzalandira zaka zochepa. Mayiko ena anaona zimenezi: ku Germany, kuyambira mu 2014, munthu amene wasonkha kwa zaka 45 amaloledwa kupuma msanga popanda kudulidwa ndalama, ndipo ku France kuli dongosolo lapadera la anthu amene anayamba ntchito ali aang'ono. Lamulo lokweza zaka limene silisiyanitsa wonyamula matumba ndi wokhala muofesi, kwa ine, ndi lamulo losatha kupsa.

Komabe, bambo, m'kalata yanu muli mawu amodzi amene andiimitsa. Mwati "kukumveka". Musamange moyo wanu pa zimene zikumveka pakati pa anzanu nthawi yopuma masana. Pafupifupi kulikonse kumene zaka zakwezedwa, zakwezedwa pang'onopang'ono potengera chaka chimene munthu anabadwa. Ku China kusinthaku kutenga zaka 15, ndipo amene anali pafupi kupuma awonjezeredwa miyezi yochepa chabe. Lamulo la ku America lofika pa zaka 67 linalembedwa mu 1983, koma limakhudza mokwanira obadwa mu 1960 kapena pambuyo pake. N'kutheka kuti inunso mwawonjezeredwa miyezi, osati zaka. Pitani kwa amene amayang'anira nkhani za ogwira ntchito kuntchito kwanu, ndiponso kwa amene amasunga penshoni yanu, mukafunse mafunso awa ndipo mupemphe kuti akuyankheni polemba: tsiku lenileni limene mungapume potengera tsiku lanu lobadwa, ndalama zimene zasonkhedwa m'dzina lanu kufikira lero, zimene mungataye mutapuma msanga, komanso ngati pali mwayi wopuma pa chifukwa cha matenda dokotala atachitira umboni. Musachite manyazi kufunsa, chifukwa ku Britain amayi ambiri obadwa m'ma 1950 anadzidzimuka atazindikira mochedwa kuti lamulo la mu 1995 linawachotsa pa zaka 60 kupita pa 65, ndipo mu Malichi 2024 ofesi yomva madandaulo a anthu inapeza kuti boma silinawadziwitse mokwanira. Mawondowo apite nawo kuchipatala kuti alembedwe m'mabuku, chifukwa nsalu ya madzi otentha siyidzakuchitirani umboni tsiku limene mudzapemphe ntchito yopepukirapo.

Tsopano ndikudzudzuleni pang'ono, monga mbale wanu. Mayi amene amalemba ndalama iliyonse m'kope ndi mayi amene akanakuthandizani kuganiza musanatenge ngongole yachiwiriyo. Kope lawolo panopa likunama, ndipo iwo sakudziwa kuti likunama. Akudzimana zinthu zing'onozing'ono pokhulupirira kuti akuyendetsa bwino nyumba, pamene pansi pa nyumbayo pali dzenje limene inu nokha mukulidziwa. Ndikhulupiriranso kuti munthu amene mwakhala naye zaka zonsezi amamva mukamadzuka usiku, ndipo mwina amangokhala chete pokulemekezani. Auzeni sabata ino. Adzakwiya, ndipo ali ndi ufulu wokwiya, koma pambuyo pake mudzakhala awiri pa vuto limodzi. Mukatero mupite limodzi kwa okubwerekani musanaphonye kulipira ngakhale mwezi umodzi, mukapemphe kuti akutalikitsireni nthawi yobwezera, chifukwa wobwereketsa ndalama amamva bwino munthu amene wabwera yekha kusiyana ndi amene wachita kusakidwa.

Tiwerengeko ena mwachangu. Mnyamata wina wa zaka 24, amene anamaliza maphunziro zaka ziwiri zapitazo, walemba kuti: "Akuluakulu akapitiriza kukhala pantchito, ife tidzalowera kuti?" Achimwene, kuwawa kwanu ndikukumva, koma bambo amene tangowawerengawa sakukakamira mpando wanu, akulira kuti awamasule. Dandaulo lanu mulilunjikitse kwa amene amapanga malamulo ndi amene ali ndi udindo wokulitsa ntchito.

Mphunzitsi wina wa zaka 61 akuti iwo akondwera ndi kukwezedwa kwa zaka chifukwa akadali ndi mphamvu ndipo amaikonda ntchito yawo. Zikomo mayi, Mulungu akusungireni mphamvuzo. Kalata yanu ikutsimikiza zimene ndanena, kuti khomo liyenera kukhala lotsegukira mbali zonse ziwiri.

Mayi wina akudandaula kuti malipiro awo ndi omwewo kwa zaka zinayi, koma thumba limene ankabwera nalo lodzaza kuchokera kogula zinthu tsopano limabwera theka. Akufunsa ngati ndi iwo amene asiya kusamala. Ayi mayi, si inu. Mitengo ikamakwera ndi 10 pa 100 chaka chilichonse, pakatha zaka pafupifupi 7 imakhala itawirikiza kawiri, choncho malipiro osasuntha amakhala akuchepa ngakhale papepala akuoneka omwewo. Chimene mungachite m'nyumba ndi kuyamba kuchotsa za pogona, chakudya, mankhwala ndi sukulu tsiku lomwelo malipiro afika, ndipo zotsalazo muzigawe m'masabata, kuti sabata yomaliza isamadyedwe ndi yoyamba. Chotsalacho ndi nkhani yokambirana ndi abwana, ndipo imamveka bwino mukapita pamodzi ndi anzanu.

Mayi winanso akuti amuna awo amakana kuti amawononga, koma mayunitsi a foni ndi kubetcha pa mpira zimadya ndalama tsiku ndi tsiku. Bambo, ngati mukumvera, timu yanu idzasewera bwino lomwe ngakhale musaikepo kanthu, ndipo ana adzasangalala nanu limodzi ikagoletsa. Yesani kulemba kwa masiku 30 okha zimene zikupita kumeneko, kenako muwerenge nokha.

Ndiime kaye pano, chifukwa pali chinthu chimene chabwerezedwa m'makalata 6 sabata ino, ndipo chandidetsa nkhawa. Anthu akubwereka katapira kuti atseke ngongole ina, ndipo pafupifupi onse akuchita zimenezi mobisa kwa akazi awo, amuna awo kapena ana awo. Tiyeni tiwerengetse limodzi. Ngongole ya chiwongoladzanja cha 20 pa 100 pamwezi, ikasiyidwa osabwezedwa kwa miyezi 12 chiwongoladzanjacho chikuberekana, imafika pafupifupi ka 9 kuposa imene munatenga. Palibe penshoni imene ingathamange liwiro limenelo. Ngati muli ndi ngongole zingapo, lipirani kaye zimene zingakuchotseni m'nyumba, kenako gwerani pa imene ili ndi chiwongoladzanja chachikulu koposa, ngakhale itakhala yaing'ono. Ndipo lekani kudya ndalama za penshoni musanazilandire. Ambiri timaziwerengera ngati zili kale m'manja, timazigawa ku denga, ku fizi, ku ukwati wa mwana, n'kuiwala kuti ndalama zomwezo ziyenera kutidyetsa mwina zaka 15 kapena 20 pamene mphamvu zatha ndipo mankhwala achuluka. Makolo, khalani pansi ndi ana anu achikulire muwauze zoona za thumba lanu. Ana ambiri amapempha chifukwa amaganiza kuti zilipo, ndipo ambiri akanachepetsa akanadziwa. Inunso ana amene muli pantchito, musadikire kuti makolo agwe kaye kuti mufunse mmene akukhalira.

Zimenezi zikundifikitsa pa kalata ya mayi wa zaka 41 amene akusamalira makolo awo onse awiri pamodzi ndi ana atatu, ndipo akuti sakusunga chilichonse cha ukalamba wawo. Akufunsa ngati kuika kandalama pambali pamene makolo akusowa kungakhale kudzikonda. Mayi, si kudzikonda. Mukapanda kusunga, katundu amene mwasenza lero adzasenzedwa ndi ana anu atatuwo. Itanani abale anu onse mugwirizane ndalama yodziwika imene aliyense azipereka mwezi ndi mwezi, chifukwa mwana amene amayankha foni msanga ndi amene amatsala ndi mtolo wonse.

Bambo wina akufunsa ngati atenge ndalama zawo zonse za penshoni nthawi imodzi kuti ayambe bizinesi imene sanaichitepo. Bambo, yambani bizinesiyo pang'ono mukadali pantchito, muione kwa chaka ngati ikudziyendetsa yokha, ndipo musaikemo ndalama zimene simungathe kukhala popanda izo.

Nthawi yatithera, ndipo makalata amene atsala ndidzayamba nawo sabata yamawa. Bambo a kakalendala aja, kalata yanu sindiibwezera m'thumba, ndaiika m'kabati yanga. Mukakalandira yankho lolembedwa kuchokera kwa osunga penshoni, ndiponso mukalankhula ndi mayi, mundilemberenso, mundiuze tsiku latsopano limene akupatsani ndi zimene dokotala wanena za mawondowo.