Mmene mungathandizire pa mapulogalamu a masamu osabisa code

Zikomo kwambiri amayi, abambo ndi inu achinyamata chifukwa chobwera. Pa masamu, munthu akati yankho ndi ili, timamufunsa kuti wadzera njira yanji. Nanga kompyuta ikapereka yankho koma eni pulogalamuyo anabisa code yake, kutanthauza malangizo olembedwa omwe kompyuta imatsatira, tifunsa ndani? Timangokhulupirira basi, ndipo ine zimenezo sizindikhutitsa. Iyi ndi imodzi mwa nkhawa zomwe zinachititsa William Stein kuyambitsa SageMath mu 2005, pulogalamu yomwe aliyense angaitsegule, kuiwerenga ndi kuikonza. Iyeyu analumikiza mapulogalamu omwe analipo kale, monga GAP, PARI/GP ndi Maxima, pogwiritsa ntchito Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu. Maxima-yo ndi nkhalakale, inachokera ku pulogalamu ya Macsyma ya ku yunivesite ya MIT ya mu 1968, ndipo William Schelter anapeza chilolezo choitulutsa mu 1998 pansi pa layisensi ya GPL, yomwe imalola aliyense kuwerenga, kusintha ndi kugawa code.

Ndaona ena mukugwedeza mitu, mwina mukuti izi n'za maprofesa. Ayi ndithu. Ntchito yoyamba yomwe mungathandize nayo ndi kunena vuto. Mwapempha pulogalamu kuti ipeze integral, yakupatsani yankho lolakwika. Musangolemba kuti "sizikuyenda". Chepetsani funsolo mpaka litsale mizere iwiri kapena itatu yomwe ikubweretsabe vutolo, nenani version yomwe mukugwiritsa ntchito, yankho lomwe mwapeza ndi lomwe mumayembekezera, kenako ikani pa GitHub, webusaiti yomwe pamasungidwa code ya SageMath. Wokonza akaona zimenezi amadziwa poyambira nthawi yomweyo.

Apa mvetsetsani bwino. Mu SageMath, function iliyonse, kutanthauza kachigawo ka code kogwira ntchito imodzi, imayenera kukhala ndi zitsanzo m'malongosoledwe ake, zomwe amazitcha doctest. Kompyuta imayendetsa zitsanzozo n'kuyerekeza mayankho ndi omwe analembedwa. Wina akasintha code kwinakwake n'kuwononga mosadziwa, chitsanzo chanucho chimalephera ndipo vuto limagwidwa lisanafike kwa ophunzira. Mphunzitsi wa masamu wodziwa pomwe mafunso amavutira, monga kugawa ndi ziro kapena matrix yopanda inverse, angalembe zitsanzo zamphamvu ngakhale Python akuidziwa pang'ono.

Mukakonza kanthu mumatumiza pull request, pempho loti zomwe mwakonzazo zilowe m'pulogalamu, ndipo siilandiridwa mpaka munthu wina aiunike. Adzakubwezerani kuti musinthe apa ndi apo, mwina kangapo. Musakhumudwe, ngakhale akatswiri amawabwezera chimodzimodzi, ndipo ambiri mwa ounikawo ndi ongodzipereka, choncho yankho likachedwa pirirani. Amene mwabwera ndi malaputopu, tsegulani tsopano tiyese kulemba doctest imodzi limodzi.