Masukulu a ku America: ofiira ndi mbuli, abuluu ndi ozindikira? Mississippi ikukana

Mississippi. Imodzi mwa masteti osaukitsitsa ku America konse, steti yomwe yavotera Trump katatu konse osayang'ana kumbuyo. Mu 2013 ana ake a giredi 4 anali pa nambala 49 pa mayeso a kuwerenga, mwa masteti 50. Mu 2024 ana a steti yomweyo anali pa nambala 9. Anadutsa California, anadutsa New York. Ndiye ngati munamvapo kuti ku America madera ovotera chipani cha Republican masukulu ake ndi a chabechabe pomwe madera a Democrat ndiye kuli maphunziro enieni, musapite kulikonse, khalani pompo, chifukwa nkhani imeneyo lero tiiphwasula.

Takulandirani abale anga ku chanelo chathu. Dinani laiki pompano, musadikire kumapeto, YouTube imawerenga mphindi zoyambirirazi ndipo mukachedwa vidiyo imangofera m'njira. Tiyeni.

Choyamba, mwachangu, mitundu ija. Pa mapu a chisankho steti yofiira ndi yomwe yavotera Republican, chipani cha anthu ofuna misonkho yochepa, boma lisamalowerere zambiri, chipembedzo ndi miyambo zilemekezedwe. Yabuluu ndi ya Democrat, ofuna boma lizithandiza kwambiri, ogwirizana ndi mabungwe a ogwira ntchito, omasuka pa nkhani za chikhalidwe. Mitunduyi si yakale ayi, inakhazikika pa chisankho cha 2000 cha Bush ndi Gore, ma TV atagwiritsa mapu amodzimodzi kwa masabata ambiri anthu akudikira zotsatira za ku Florida. Basi, tapita.

Chachiwiri. America ilibe silabasi imodzi ya dziko lonse, ilibenso mayeso ngati a MANEB oti mwana aliyense alembe pepala limodzi. Steti iliyonse imayendetsa maphunziro ake, ndipo pansi pa steti pali madisitirikiti a sukulu oposa 13,000, iliyonse ndi komiti yake. Boma la ku Washington limapereka pafupifupi dola imodzi yokha pa madola 10 aliwonse a sukulu za pulaimale ndi sekondale. Zotsalazo zimachokera ku steti komanso ku msonkho wa nyumba za m'deralo. Imvetseni bwino iyi chifukwa tibwererako. Nyumba za kwanu zikakhala zodula, sukulu ya kwanu imatolera zambiri. Makolo osauka a ku San Antonio, Texas anakasuma kuti izi ndi tsankho, koma mu 1973 khoti lalikulu linagamula, majaji 5 kwa 4, kuti malamulo a dziko sakutsimikizira mwana ufulu wa maphunziro, zimenezo ndi za masteti.

Chachitatu, timayeza bwanji? Pali mayeso otchedwa NAEP, amalembetsa ana osankhidwa mwachisawawa m'steti iliyonse, giredi 4 ndi giredi 8, kuwerenga ndi masamu, kawirikawiri pa zaka ziwiri zilizonse. Mwana salandira satifiketi, mphunzitsi sakwezedwa nawo pantchito, ndiye palibe amene amavutika kubera kapena kuloweza mayankho. Manambala onse a mayeso amene nditchule akuchokera kumeneko.

[Pa sikirini: mapu a America, ofiira ndi abuluu]

Tsopano chachinayi, ndipo apa ndikhalapo, amene muli ndi madzi pamoto kaphuleni kaye mubwere.

Bodza lija lili ndi kachoonadi mkati mwake, n'chifukwa chake silikufa. Massachusetts ndi yabuluu bii, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 yakhala pamwamba kapena pafupi ndi pamwamba pa NAEP. New Jersey, yabuluu, ilinso kumtunda. Oklahoma ndi West Virginia, zofiira psuu, zili pansi. Ukawerenga akuluakulu okhala ndi digiri, ku Massachusetts ndi pafupifupi theka, ku West Virginia ndi mmodzi mwa anayi. Munthu amangoona mapu awiriwo, amawaika pambali pa unzake, n'kuposita pa Facebook kuti taonani umbuli ukuvota. Malaiki zikwi.

Koma funsani munthu ameneyo funso limodzi: steti yomwe inali pansi penipeni mu 2024 ndi iti? New Mexico. Yabuluu. Yavotera Democrat pa chisankho chilichonse cha pulezidenti kuyambira 2008, bwanamkubwa wake ndi wa Democrat. Oregon, yabuluu kwambiri, si yosauka ngati New Mexico, koma yatsetsereka mpaka kufika kufupi ndi pansi pa kuwerenga kwa giredi 4. Ndiye mukayang'ana mbali inayo, Utah ndi yofiira, ili m'gulu la masteti omwe amawononga ndalama zochepetsetsa pa mwana mmodzi, koma ana ake amakhoza kuposa avereji ya dziko. New York imawononga pafupifupi madola 30,000 pa mwana mmodzi pa chaka, kuposa steti ina iliyonse, zotsatira zake zili chapakati basi. Mississippi safika n'komwe pa theka la ndalama zimenezo.

Nanga Massachusetts yomwe imatchulidwa ngati umboni ija? Lamulo lomwe linakonza masukulu ake ndi la 1993, linaonjezera ndalama ku madisitirikiti osauka n'kuika mayeso okhwima, ndipo anasaina ndi bwanamkubwa William Weld, wa Republican, akugwira ntchito ndi aphungu a Democrat. Zimenezi pa mapu a Facebook aja simudzazipeza.

Tibwerere ku Mississippi chifukwa ine nkhani iyi imandisangalatsa zedi. Anthu a masteti ena oyandikana nayo anali ndi kamwambi kawo kachipongwe, ankati tiyamike Mulungu chifukwa cha Mississippi, kutanthauza kuti ngakhale tilephere bwanji sitingakhale otsiriza, otsiriza alipo kale. Mu 2000 Jim Barksdale, amene anali mkulu wa kampani ya intaneti ya Netscape, mwana wa konko, anapereka madola 100 miliyoni kuti akhazikitse bungwe lothandiza ana kuwerenga. Mu 2013 nyumba ya malamulo ya steti inakhazikitsa lamulo la kuwerenga, bwanamkubwa Phil Bryant anasaina, ndipo chaka chomwecho analemba ntchito mayi Carey Wright kukhala mkulu wa maphunziro. Mayi ameneyu anachokera ku masukulu a ku Washington DC ndi Maryland, kwa abuluu kumene, anakhala pampando mpaka 2022.

Anachita chani? Palibe zamatsenga, ndipo n'zotopetsa kuzimva. Anaphunzitsanso aphunzitsi a makalasi ang'onoang'ono kaphunzitsidwe ka kuwerenga kudzera m'maliwu, mwana adziwe liwu la lembo lililonse, aphatikize, atulutse mawu. Mwina mukuti aa zimenezo si za a e i o u zomwe tonse tinadutsamo? Eya. Koma masukulu ambiri ku America anali atazitaya, ankauza mwana kuti ukakumana ndi mawu ovuta yang'ana chithunzi, ganizira, yerekeza. Kulosera m'malo mowerenga, kwa zaka zambiri, m'masukulu odula omwe. Mississippi inatumiza alangizi a kuwerenga m'masukulu olephera kwambiri, osati kubwera tsiku limodzi ndi galimoto n'kusaina buku la alendo ayi, kumakhala m'kalasi sabata ndi sabata limodzi ndi mphunzitsi. Ana amayesedwa kuyambira ali aang'ono kuti amene akutsalira aoneke msanga, makolo auzidwe. Ndiye chomaliza, chomwe chimakwiyitsa anthu, mwana wa giredi 3 amene walephera mayeso a kuwerenga atapatsidwa mwayi wobwereza mayesowo sapita giredi 4, amabwereza kalasi, ndi thandizo lapadera. Ichi anakopera ku Florida, komwe Jeb Bush anachiyambitsa mu 2002.

Nambala 49 mu 2013, nambala 29 mu 2019, nambala 21 mu 2022, nambala 9 mu 2024. Ndipo bungwe la Urban Institute, lomwe si la Republican ngakhale pang'ono, likafananiza ana ofanana, wosauka ndi wosauka mnzake, wakuda ndi wakuda mnzake, Mississippi imatuluka nambala 1 pa giredi 4, kuwerenga ndi masamu komwe. Louisiana, neba wake, inatsata njira yomweyo, pa kuwerenga kwa giredi 4 inachoka pa nambala 42 mu 2022 kufika pa 16 mu 2024.

Ndikudziwa ena mwayamba kale kutaipa mu komenti kuti akubera, akubisa ana ofooka mu giredi 3 kuti asalembe mayeso a giredi 4. Funso labwino, si lopusa. Kubwereza kumathandizadi kukweza manambala pang'ono chifukwa mwana amalemba ali wamkulu ndi chaka chimodzi. Koma mwanayo sasowa, chaka chotsatira amafika giredi 4, amalowa m'gulu loyesedwa. Ofufuza a ku Boston University anatsatira ana obwerezawo ndipo anapeza kuti pofika giredi 6 ankawerenga bwino kuposa anzawo omwe anangodutsa pang'onong'ono. Pomwe otsutsa ali ndi mfundo yolimba ndi pa giredi 8, apo Mississippi idakali pansi pa avereji ya dziko pa kuwerenga. Yakwera inde, koma osati ngati pa giredi 4. Ndiye amene akuti chozizwitsa achepetseko mawu, amene akuti chinyengo nawonso akhale pansi.

Ndisanapitirire, amene muli pa data ya bando ndikukuonani, vidiyo iyi ndaidulanso tizidutswa tifupitifupi pa chanelo chathu cha WhatsApp, linki ili pansipa. Ndipo amene simunasabusikilaibe, abale, n'zaulere, belu lija lidinidwe.

Pali chinanso chomwe mapu aja amabisa, ndipo ichi chimandinyansa kwambiri. Steti siivota, amavota ndi anthu. Mississippi ndi steti yomwe ili ndi gawo lalikulu kwambiri la anthu akuda ku America, oposa munthu mmodzi mwa atatu, ndipo ambiri mwa iwo amavotera Democrat. Maboma osaukitsitsa a ku Delta, mphepete mwa mtsinje wa Mississippi komwe kunali minda ya thonje ya akapolo, pa mapu a maboma amaoneka abuluu. Ndiye munthu akamaseka kuti ha ha masukulu a ofiira, nthawi zambiri ana amene akuwasekawo ndi zidzukulu za akapolo zomwe makolo awo amavota ngati iye yemwe. Mbali inayonso chimodzimodzi, wa Republican akamaloza masukulu a ku Baltimore kapena Detroit kuti onani ulamuliro wa Democrat, akuloza umphawi womwe unaunjikana m'mizinda mafakitale atatseka ndipo a ndalama atasamukira kunja kwa tauni ndi msonkho wawo wa nyumba uja. Za madigiri zija nazo, mwana wanzeru wa ku West Virginia amaphunzira kwawo, akamaliza yunivesite ntchito amakaipeza ku Washington kapena ku Boston, digiri yake imakawerengedwa kumeneko. Mapu a madigiri akukuuzani komwe kuli ntchito, sakukuuzani komwe mwana anaphunzira kuwerenga.

Chachisanu, ndiye ndale zilibe kanthu? Zili nako, musandimve molakwika. Nthawi ya Covid madera a Democrat anatseka masukulu nthawi yaitali, Florida inalamula kuti atsegule pofika Ogasiti 2020 pomwe ana ambiri a ku California anakhala pa kompyuta mpaka 2021. Thomas Kane wa ku Harvard ndi Sean Reardon wa ku Stanford anapeza kuti komwe anatseka nthawi yaitali ana anatsalira kwambiri, makamaka osauka. Chigoli cha ofiira. Koma malipiro a aphunzitsi ndi nkhani ina, mu 2018 aphunzitsi a ku West Virginia, Oklahoma ndi Arizona ananyanyala ntchito chifukwa cha malipiro ochepa, ku West Virginia anawina 5 peresenti, ndipo ku Oklahoma madisitirikiti ena anali atafika pophunzitsa masiku anayi okha pa sabata ndalama zitachepa. Chigoli cha abuluu. Ndewu zomwe zimadzaza ma TV, kuchotsa mabuku m'malaibulale, lamulo la Louisiana la 2024 loti Malamulo Khumi apachikidwe m'kalasi iliyonse, ndalama za boma zolipirira mwana ku sukulu yapulaiveti zomwe Arizona inatsegulira aliyense mu 2022, kapena Trump kusaina mu Malichi 2025 kuti unduna wa maphunziro wa ku Washington uphwasulidwe, izi n'zenizeni ndipo zimakhudza mabanja, koma si zomwe zinasuntha Mississippi. Panopa masteti pafupifupi 40, ofiira ndi abuluu omwe, akhazikitsa malamulo kapena ndondomeko za kuwerenga zamtundu womwewo, mzinda wa New York unasintha mabuku ake ophunzitsira kuwerenga mu 2023. Akukopera kwa amene ankamuseka uja, kungoti sanena mokweza.

Chachisanu n'chimodzi, chachidule, cha inu amene muli kumeneko kapena mukukonzekera ulendo ndi ana. Sukulu ya boma mwana amapita molingana ndi adiresi ya nyumba. Musafunse kuti steti iyi ndi yofiira kapena yabuluu, funsani dzina la disitirikiti musanasaine renti, chifukwa msewu umodzi ukhoza kulekanitsa sukulu yabwino ndi yovuta, ku Texas kapena ku Illinois chimodzimodzi. Mukapita kukaona sukuluyo funsani mmene amaphunzitsira kuwerenga, mukamva za kuyang'ana chithunzi n'kulosera, funsaninso kawiri.

Funso langa kwa inu, makamaka aphunzitsi amene mumationera: mwana wa Sitandade 3 amene sakutha kuwerenga, abwereze kapena apitirire ndi anzake? Lembani pansipa, mukanganeko koma mwaulemu, otukwana ndimafufuta. Vidiyo yotsatira tikuona za ngongole za ku yunivesite ku America, ili apa kumanja, idineni.