Musanagule Lenzi Ina, Muyambe Mwadziwa Chimene Chikuononga Zithunzi Zanu

Zikomo amayi, abambo ndi achinyamata nonse amene mwabwera. Amene mwanyamula makamera atulutseni m'zikwama, chifukwa zambiri zimene ndinene zalembedwa pa zipangizo zanu zomwezo, ndipo ndi bwino muzidzionera nokha.

Funso limene anthu ongoyamba kumene kujambula amakonda kufunsa ndi lakuti, "Ndigule lenzi iti kuti zithunzi zanga zizioneka bwino?" Ine ndimawafunsanso kuti, kodi zikuipa pati? Zikuda? Zikuoneka mwachimbuuzi? Munthu akuoneka kutali kwambiri? Kapena pali timadontho takuda kumwamba kwa chithunzi? Lililonse mwa mavuto amenewa lili ndi gwero lake, ndipo ambiri satha ndi lenzi yatsopano. Zimandimvetsa chisoni munthu akasunga ndalama kwa nthawi yaitali, n'kugula lenzi yodula, kenaka n'kupeza kuti zithunzi zikutuluka chimodzimodzi, pamene vuto linali pa kabatani kamodzi.

Yang'anani kutsogolo kwa lenzi yanu kapena m'mbali mwake. Ambiri mupeza palembedwa 18-55mm, kenaka 1:3.5-5.6. Imeneyi ndi lenzi imene imabwera pamodzi ndi kamera. Manambala a mm akunena kukula kwa malo amene lenzi ikuona. Pa 18 imaona malo aakulu, gulu lonse la anthu limakwana. Pa 55 imaona malo ochepa, ndipo chinthu chimaoneka ngati chayandikira. Lenzi ya 70-300mm ndiye ya mbalame ili mumtengo kapena wosewera mpira ali kutsidya kwa bwalo.

Manambala enawo ndi amene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Mkati mwa lenzi muli chibowo chimene chimakula ndi kuchepa kuti kuwala kulowe. Kukula kwake timakulemba ndi chilembo f. Chosokoneza n'chakuti nambala ikakhala yaing'ono, chibowo chimakhala chachikulu. Choncho f/1.8 ndi chibowo chachikulu, f/16 ndi kachibowo kakang'ono. Lenzi ya 18-55mm ija imatha kutsegula mpaka f/3.5 ili pa 18, koma mukaikoka kufika pa 55 imangolekeza pa f/5.6. Ndiye mukalowa m'nyumba madzulo, n'kuikoka kuti mujambule nkhope ya munthu, mwatsekereza kuwala kwambiri osadziwa. Kamera ikaona kuti kuwala kwachepa imasiya shata, kachitseko kamene kamatseguka ndi kutseka kuti kuwala kulowe, ili chotsegula kwa nthawi yotalikirapo, ndipo pa nthawi imeneyo dzanja lanu lanjenjemera kapena munthu uja wapotoloza mutu. Chimbuuzi chija chachokera pamenepo. Galasi lilibe mlandu.

Pali kalamulo kakale kothandiza. Mukagwira kamera m'manja, liwiro la shata lisachepere nambala ya mm imene lenzi ili. Pa 50mm musatsike kupitirira 1/50 ya sekondi, pa 200mm musatsike kupitirira 1/200. Makamera ambiri a ongoyamba kumene ali ndi sensa yocheperapo (sensa ndi kachipangizo ka m'kamera kamene kamalandira kuwala n'kupanga chithunzi), choncho onjezeraniko: chulukitsani nambala ya mm ija ndi 1.5 pa Nikon, Sony ndi Fujifilm, kapena 1.6 pa Canon. Malenzi ena ali ndi chipangizo choletsa kugwedezeka, chimene Canon amalemba IS, Nikon VR, Sony OSS. Chimathandizadi, koma chimaletsa kunjenjemera kwa manja anu okha. Mwana amene akuthamanga sichingamuimitse. Ameneyo amafuna 1/500 kapena kupitirira apo. Musaopenso kukweza ISO, nambala imene imawalitsa chithunzi kuwala kukachepa, ngakhale imabweretsa timchengamchenga. Chithunzi chokhala ndi timchengamchenga pang'ono koma nkhope ikuoneka bwino chimaposa chosalala chimene munthu sakudziwika.

Ndiye chithunzi chikatuluka mwachimbuuzi, chikulitseni pa sikirini muchiyang'anitsitse. Ngati chilichonse chakokeka, kuyambira munthu mpaka khoma, ndi manja anu. Ngati khoma lili bwino koma munthu yekha ndiye wakokeka, munthuyo anasuntha. Ngati khoma la kumbuyo likuoneka bwinobwino koma nkhope yafifia popanda kukokeka, fokasi inagwera kumbuyo, ndipo mankhwala ake ndi kusankha kadontho kamodzi ka fokasi n'kukaika padiso la munthu m'malo mosiyira kamera kuti isankhe yokha. Pokhapokha mutaika kamera pamalo osagwedezeka, kunja kukuwala, pa f/8, n'kujambula nyuzipepala yomatidwa pakhoma, koma mbali imodzi n'kumatulukabe yofifia nthawi zonse pamene inayo ili bwino, ndi pamene mungayambe kukayikira lenzi. Kawirikawiri lenzi yotero inagwapo ndipo magalasi ake anasuntha.

Tsopano tinene kuti mwayesa zonsezi ndipo mwaona kuti vuto lanu ndi kuwala kochepa. Apa ndiye ndimalimbikitsa ndi mtima wonse lenzi ya 50mm f/1.8, kapena 35mm f/1.8 ngati mumajambula m'zipinda zopanikiza. Siikoka, mumayenda ndi miyendo yanu kuyandikira kapena kubwerera m'mbuyo. Koma pa f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi ka 10 kuyerekeza ndi f/5.6, ndipo ili m'gulu la malenzi otsika mtengo kwambiri pa makampani ambiri akuluakulu. Ndiyonso imabweretsa kaonekedwe kaja ambiri mumakasirira, munthu kuoneka bwino pamene kumbuyo kwake kwasungunuka. Chenjezo lake ndi limodzi. Pa f/1.8 malo ooneka bwino amakhala opyapyala kwambiri, moti mukayandikira, diso limatha kuoneka bwino khutu litafifia kale. Mukamajambula anthu angapo ataima m'mizere iwiri, tsekani kufika pa f/5.6 kapena f/8, apo ayi a mzere wa kumbuyo akudandaulani.

Musanapereke ndalama, tsimikizani kuti lenziyo ikulowa pa kamera yanu. Dzina la kampani palokha silokwanira. Canon ali ndi malumikizidwe a EF amene anayamba mu 1987, ali ndi EF-S ya makamera a sensa yaing'ono, komanso RF imene inabwera mu 2018 pa makamera opanda kalilole mkati. Lenzi ya EF imagwira pa kamera ya RF kudzera pa adaputa, koma lenzi ya RF singagwire pa kamera yakale ya EF. Nikon ali ndi F kuyambira 1959 ndi Z kuyambira 2018. Kwa inu a Nikon pali msampha wina. Makamera monga D3200, D3500 ndi D5600 alibe kainjini koyendetsa fokasi m'thupi mwake. Mukagula 50mm f/1.8D, ilowa bwinobwino ndipo ijambula, koma fokasi muzipotokola ndi dzanja. Imene mukufuna ndi 50mm f/1.8G, yolembedwa AF-S, imene ili ndi kainjini kake mkati. Chilembo chimodzi chokhacho chagwiritsa anthu ambiri fuwa lamoto.

Kugula lenzi yogwiritsidwa kale ntchito si kulakwa, ndipo lenzi yosamalidwa bwino imakhala zaka zambiri kuposa kamera. Koma pitani ndi kamera yanu ndi tochi. Chotsani zivundikiro zonse ziwiri, walitsani tochi kuchokera kumbuyo, inu mukuyang'ana chammbali kutsogolo. Muona tifumbi, musadandaule nato, pafupifupi lenzi iliyonse ili nato ndipo sitioneka pachithunzi. Chimene muyenera kuopa ndi timizere toyera tochita nthambi ngati ukonde wa kangaude, kapena chifunga chophimba galasi la mkati. Timizereto ndi chuku. Yang'ananinso timasamba ta chibowo chija: tikhale touma, topanda mafuta, ndipo tizitseka ndi kutseguka msanga. Potokolani mphete zonse mumve ngati pali pogwira kapena pokhuluzika. Kenaka ijambulireni pomwepo, pafupi ndi patali, pachibowo chachikulu ndi chaching'ono. Wogulitsa akakana kuti muiyese, isiyeni.

Nkhani ya chuku ndiibwereze chifukwa ndi imene imapha malenzi mwakachetechete. Chuku chimakonda malo amdima, ofunda, achinyezi, opanda mpweya woyenda. Chikwama cha kamera chotsekedwa n'kuikidwa pansi pa bedi nyengo yonse ya mvula ndi malo oterowo ndendende. Chikangoyamba, katswiri atha kumasula lenzi n'kuchipukuta. Chikakhalitsa chimadya utoto wopyapyala umene anapaka pagalasi, ndipo chipsera chake sichichoka. Kupewa kwake n'kosavuta. Pezani chidebe chapulasitiki chotseka bwino, ikanimo malenzi pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija timabwera m'mabokosi a nsapato ndi a zipangizo zamagetsi. Timapaketi timeneti timakhuta chinyezi n'kuleka kugwira ntchito, choncho muzitiumitsa kapena kutisintha. Mukanyowa ndi mvula, pukutani zonse ndipo muzisiye poyera ziume musanazitsekere. Ndipo lenzi imene imatuluka kawirikawiri kukajambula sichita chuku msanga ngati yongosungidwa.

Chinyezi chili ndi vuto linanso. Mukatuluka m'chipinda kapena m'galimoto yozizira kwambiri kupita kunja kotentha, galasi limachita nthunzi. Musapukute ndipo musachotse lenzi. Isiyeni m'chikwama kwa kanthawi mpaka ifunde yokha.

Nanga timadontho takuda tija timaoneka pa mitambo, pamalo omweomwewo chithunzi chilichonse? Anthu amapukuta lenzi mpaka kutopa, koma fumbilo lili pa sensa. Kuti mutsimikize, ikani pa f/22 mujambule kumwamba kapena pepala loyera. Timadontho tioneka bwino. Sinthani lenzi mujambulenso. Ngati tikadali pomwepo, ndi sensa. Kapopu ka labala kopemerera mpweya kamachotsa fumbi lambiri, kamera itayang'ana pansi. Musapemerere ndi pakamwa chifukwa malovu agwerapo, ndipo musalowetsemo chala kapena nsalu. Likakanirira, perekani kwa wodziwa. Posintha lenzi, zimitsani kamera, fulatirani mphepo, ndipo chitani msanga. Popukuta galasi la kutsogolo, yambani mwapemerera kuti mchenga uchoke, kenaka nsalu yofewa ya magalasi. Malaya amene mwavala ali ndi fumbi ndi thukuta, amakanda.

Njira imeneyi yosintha chinthu chimodzi n'kuyesanso ndi imene ndikufuna muizolowere pa vuto lililonse. Kamera ikakana kuchita fokasi, musathamangire kwa okonza. Onani kabatani ka AF (fokasi yochita yokha) ndi MF (fokasi ya dzanja) m'mbali mwa lenzi, kamasuntha kokha m'chikwama. Onani ngati simunayandikire kwambiri, pakuti lenzi iliyonse ili ndi malire ake, ndipo 50mm zambiri sizigwira chinthu chimene chili pafupi kuposa masentimita 35 mpaka 45. Onani ngati simukuloza pakhoma losalala kapena mumdima, pamene kamera ilibe mzere woti igwire. Ngati m'kagalasi kosuzumira mukuona chimbuuzi koma zithunzi zikutuluka bwino, pambali pa kagalasiko pali kagudumu kakang'ono kofananiza ndi maso anu, kapotokoleni mpaka manambala a mkatimo aoneke bwino. Canon ikalemba Err 01 ikutanthauza kuti kamera ndi lenzi sizikumvana. Zimitsani, chotsani lenzi, pukutani timadontho tachitsulo ta kumbuyo kwake ndi nsalu youma yoyera, bwezerani mpaka imveke kuti yakola. Nikon ikalemba FEE ndi lenzi yokhala ndi mphete ya chibowo, potokolani mpheteyo kufika pa nambala yaikulu kwambiri n'kuikhoma. Zikakanikabe, bwerekani lenzi ya mnzanu muike pa kamera yanu, yanu muike pa yake. Pamenepo mudziwa chimene chadwala.

Za zipangizo zina ndidutsa mwachangu. Hood, chija chimavekedwa kutsogolo kwa lenzi, ndimachikonda kuposa fyuluta ya UV. Chimatchinga dzuwa lobwera chammbali ndipo lenzi ikagunda pakhoma chimayamba kulandira ndicho. Fyuluta ya UV yotchipa imabweretsa zithunzithunzi za magetsi usiku, choncho mukaona timipira tobiriwira pafupi ndi nyali, ichotseni muyesenso. Ndimaivomereza pamalo a fumbi lambiri kapena madzi othovoka. Fyuluta imene ili ndi ntchito yeniyeni ndi polarizer, imene imachotsa kunyezimira pamadzi ndi pamasamba, ngakhale imadya kuwala kopitirira theka. Kukula kwa fyuluta kwalembedwa pa lenzi pafupi ndi kachizindikiro ka ø, monga 49, 52 kapena 58, ndipo nambala imeneyi siikhudzana ndi mm zija tinayamba nazo.

Tripod, miyendo itatu yoimikapo kamera, yopepuka kwambiri imene imagwedezeka ndi kamphepo ndi yoopsa kwa kamera yanu, bola kudikira mugule yolimba. Batire lachiwiri ndi lofunika kuposa zambiri zimene timathamangira. Memore khadi gulani kwa wogulitsa wodalirika chifukwa achinyengo alipo ambiri, olembedwa kukula kumene alibe, ndipo mumadziwa zithunzi zitatayika kale. Mukakopera zithunzi pa kompyuta, khadilo muzilifufuta ndi format ya m'kamera momwemo. Ojambula mavidiyo yang'anani pa khadi chizindikiro cha V30, chimene chimasonyeza liwiro lake.

Chotsala ndi fulashi. Mukagula yoika pamwamba pa kamera, sankhani imene mutu wake umapindika, kuti muziwalitsa kudenga loyera kuwala n'kubwerera kofewa m'malo momenya nkhope mwachindunji. Ndipo tsiku lina mukadzaona mbali ya chithunzi yada bii ngati mwatchinga ndi chinthu, onani liwiro la shata. Makamera ambiri amayendera limodzi ndi fulashi mpaka pa 1/200 kapena 1/250 basi. Mukapitirira pamenepo, shata sitseguka yonse pa nthawi imodzi, ndiye fulashi ikawala mbali ina imatsala mumdima. Tsitsani liwirolo, mzere wakudawo uchoka.